NTHENDA YOFWETSA MTSEMPHA WA MUMSANA

M'kati mwa fupa la msana muli mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, wotalika pafupifupi masentimita 45, wonenepa ngati chala chaching'ono cha kudzanja. Mtsempha umenewu ndiwo umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi manja, miyendo, matumbo ndi chikhodzodzo. Ukawonongeka munthu amalumala, ngakhale miyendo yake ilibe chilonda.

Imodzi mwa nthenda zowononga mtsemphawu ndi multiple sclerosis, imene dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anailongosola mu 1868. Nthendayi ndi yofala ku Ulaya ndi ku North America, koma kuno ku Africa ndi yosowa. Mu 2020 odwala anali pafupifupi 2.8 miliyoni pa dziko lonse. Kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo imagwira amayi koposa abambo. Si yopatsirana, ndiponso si ya ufiti ayi.

Chimene chimachitika ndi ichi. Timitsempha ta mu ubongo ndi mumsana tili ndi chikuto, monga waya wa magetsi ali ndi mphira. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kupha tizilombo, amasokonezeka nayamba kudya chikutocho. Poyamba wodwala amamva dzanzi, diso limodzi limachita chidima, kapena mwendo umalemera, kenaka amapeza bwino. Koma pakapita zaka zambiri timitsempha tosendekato timafa, ndipo mtsempha wa mumsana umafwapa.

Poyeza ndi makina a MRI, madokotala apeza kuti odwala amene mtsempha wawo wafwapa kwambiri, makamaka cha pakhosi, ndiwo amalumalanso kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti ubongo uli ndi njira zambiri zolambalalira pamene pawonongeka, koma mtsempha wa mumsana uli ngati ulalo umodzi pa mtsinje: ukathyoka, palibe powolokera. Motero wodwala amayamba kuyenda ndi ndodo, mkodzo umamuthawa, ndipo ena amafikira pa njinga ya olumala.

Mankhwala ochiritsiratu kulibe, koma kuyambira mu 1993 pali mankhwala ochepetsa ukali wa nthendayi. Amathandiza koposa akayambidwa msanga, pakuti mtsempha umene wafa kale subwerera.

Phunziro limeneli likhudzanso anthu a m'midzi yathu. Kuno miyendo imafooka kawirikawiri chifukwa cha chifuwa chachikulu cholowa m'fupa la msana, likodzo, kapena kachilombo ka HIV. Ziwiri zoyambazo zimachiritsika, ndipo HIV ili ndi mankhwala oigonjetsa mphamvu. Tsono munthu womva dzanzi losatha, kulemera kwa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo, asataye miyezi akutemera mphini. Apite ku chipatala msanga.

Wodwala amene walumala kale asasiyidwe yekha m'nyumba. Atembenuzidwe pa maola awiri alionse kuopa zilonda za pamphasa. Khungu lake likhale loyera ndi louma. Miyendo yake ipindidwe ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku kuti isaume, ndipo amwe madzi okwanira. Wa multiple sclerosis akhale pamthunzi, chifukwa kutentha kumamuwonjezera kufooka. Koposa zonse, abale adye naye pamodzi ndi kumufunsa nzeru pa nkhani za pakhomo monga kale, pakuti chimene chalumala ndi miyendo, koma iye akadali mwini banja.