Anthu Ophwanya Konkire ku Lusaka

Kabuloko kake n'kakang'ono, masentimita 15 mbali zonse. Amakaumba ndi konkire yotapidwa pamalo pomwe pakumangidwa nyumba, amakalemba tsiku, kakauma pang'ono n'kukamiza m'thanki ya madzi. Pakatha masiku 28, katswiri amakavuula, amakapukuta, n'kukaika pakati pa zitsulo ziwiri za makina opanikiza. Makinawo amafinya pang'onopang'ono, manambala akukwera, mpaka kabuloko kaja kang'aluke m'mbali n'kugumuka. Pomwe nambala yaimira ndi pomwe pamadziwika ngati mizati ya nyumba yosanja ku Kabulonga kapena ku Woodlands idzapirire kulemera kwake.

Amene amadziwa chifukwa chodikirira masiku onsewo ndi akatswiri a kemisitiri ya zipangizo. Iwo amafotokoza kuti simenti siilimba chifukwa chouma, koma chifukwa chogwirana ndi madzi, ndipo zimenezi zimatenga masabata. N'chifukwa chake zimawapweteka mtima akamadutsa m'mbali mwa misewu ya ku Chelstone kapena ku Kalingalinga n'kuona mabuloko atayalidwa padzuwa osathiridwa madzi. Owumba nawonso ali ndi yankho lawo: simenti yakwera mtengo, madzi n'ngogula, ndipo wogula amafunsa mtengo asanafunse kulimba. Ndiye thumba limodzi amalikoka kuti litulutse mabuloko ochuluka.

Luso limeneli si lachilendo m'Zambia. Fakitale ya simenti ya ku Chilanga idakhazikitsidwa mu 1949, ndipo simenti yake idamanga nawo damu la Kariba. Miyala ya laimu imaotchedwa m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,450, ndipo pamafunika munthu woyeza zotulukamo usana ndi usiku. Ambiri mwa anthu oterewa amaphunzira ku University of Zambia, yomwe idatsegulidwa mu 1966. Akamaliza amamwazikana: ena ku migodi ya ku Copperbelt, ena ku Zambia Bureau of Standards, ena ku bungwe lofufuza la NISIR kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo ambiri amakagwira choko m'masukulu a sekondale.

Koma mukakhala nawo pansi, nkhani siichedwa kufika pa ndalama. Mankhwala ogwiritsa ntchito poyeza amaitanitsidwa kunja, amalipiridwa m'madola, ndipo amatha miyezi asanafike. Makina akafa, wowakonza nthawi zambiri amachokera kunja. Wofufuza amene wapanga chinthu chatsopano m'botolo amayenera kukulunga kaufa kakeko, kukatumiza kwa mnzake wa kudziko lina komwe kuli makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, kenako n'kudikira. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ku Lusaka ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo ng'anjo ya m'labotale ikazima ntchito ili mkati, zonse zimayambiranso. Chowawa n'chakuti ulemu wa wofufuza umayezedwa ndi zimene wasindikiza m'magazini a sayansi komanso kuchuluka kwa anzake otchula ntchito yake. Muyezo wake ndi umodzimodzi kwa wa ku Lusaka ndi wa ku Cambridge, ngakhale kuti wina ali ndi zonse pakhomo pomwe wina akudikira phukusi.

Dzina la Kelly Chibale silisowa pa macheza amenewa. Iye adamaliza maphunziro a kemisitiri ku University of Zambia mu 1987, n'kukagwira ntchito pafakitale ya zophulitsira miyala ya Kafironda ku Mufulira. Kenako adapita ku Cambridge komwe adapeza digiri ya PhD mu 1992. Kuyambira mu 1996 ali ku University of Cape Town, ndipo mu 2010 adayambitsa H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano, komwe gulu lake pamodzi ndi anzawo akunja lidapeza mankhwala a malungo otchedwa MMV048 amene adafika poyesedwa pa anthu. Ntchito yake ndi ya mankhwala osati ya zipangizo, komabe achinyamata a m'malabotale a ku Lusaka amamutchula monyadira, ena modandaula kuti zonsezi zidachitikira ku South Africa.

Dandaulo lomwelo lili pa miyala ya pansi pa nthaka. Mu 1980, John Goodenough ndi gulu lake ku Oxford adaonetsa kuti msanganizo wa lithium ndi cobalt ungathe kusunga mphamvu m'batire, ndipo mu 2019 adalandira nawo mphotho ya Nobel. Cobalt yemweyo amatuluka limodzi ndi mkuwa m'migodi ya Zambia ndi Congo. Mu April 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema wa ku Zambia ndi Pulezidenti Félix Tshisekedi wa ku Congo adakumana ku Lusaka, maiko awiriwa n'kusainirana pangano logwirira limodzi ntchito yopanga zipangizo za mabatire a galimoto zamagetsi. Kuti zimenezi zitheke pafunika anthu odziwa kuyenga cobalt mpaka atayera mokwanira batire, ndipo anthuwo ndi omwewa amene lero akufunsa za makina oyezera, mankhwala a m'labotale ndi magetsi osazimazima.