Chiphaso cha kubadwa chingapulumutse mwana ku ndende

M'makomboni a m'mafamu ozungulira tauni ya Chinhoyi, m'chigawo cha Mashonaland West, muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzalima fodya ndi chimanga. Chiyambire 2000, pamene boma linayamba kugawa minda ya azungu, ntchito zolembedwa zinachepa ndipo ana ambiri anasiyira sukulu panjira. Ena ayamba kusuta chamba, chimene kuno amati mbanje, ndipo ena alowerera mu mutoriro ndi mankhwala a chifuwa a BronCleer.

Lamulo la Zimbabwe ndi lolimba. Wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Ngakhale atatuluka, mbiri yoti anamangidwapo imamutsekera mwayi wa ntchito.

Komabe kwa ana osakwana zaka 18 ilipo njira ina. Mu 2013, unduna wa zachilungamo, mothandizidwa ndi UNICEF ndi Save the Children, unakhazikitsa ndondomeko yopatutsa ana ku khoti, kuyambira ku Harare, Bulawayo, Gweru, Chitungwiza ndi Murehwa. Mwana wopalamula mlandu waung'ono, akavomera kulakwa kwake mosakakamizidwa, akhoza kuchenjezedwa, kupatsidwa uphungu kapena kuphunzitsidwa ntchito zamanja m'malo mozengedwa mlandu. Akakwaniritsa zimene anagwirizana, dzina lake sililowa m'kaundula wa olakwa. Ozenga milandu ndi alangizi a boma ndiwo amaunika ngati mlanduwo ukuyenera njirayi. Ku Malawi nakonso lamulo losamalira ana la 2010 limalola zofananazo.

Vuto la ana a m'mafamu ndi lakuti njirayi imadalira msinkhu, ndipo ambiri alibe chiphaso cha kubadwa chifukwa makolo awo analembedwa ngati alendo. Mnyamata wa zaka 16 wathupi lalikulu, wopanda chikalata, akhoza kutengedwa ngati wamkulu ndi kugona m'chitokosi limodzi ndi akuluakulu pamene msinkhu wake ukufufuzidwa. Chonsecho, malamulo oyendetsera dziko a 2013 amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, wa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhala momwemo, ndi nzika.

Apa ndi pamene alangizi a m'madera, atsogoleri a mipingo ndi eni mafamu ali ndi mbali yawo. Kulembetsa ana ku ofesi ya kaundula ku Chinhoyi kuyenera kuchitika vuto lisanagwe. Khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo ndi ya kusukulu zisungidwe pouma, pakuti zimathandiza kutsimikiza zaka. Mwana akagwidwa, kholo kapena womulera athamangire kupolisi tsiku lomwelo, anene zaka za mwanayo, ndipo apemphe kuti mlangizi wa boma woona za ana aitanidwe. Popanda wamkulu womuimirira, mwayi wopatutsidwa ku khoti umavuta kuupeza.