Chikhristu cha Mumtima: Kuchokera ku Frankfurt Kufika ku Mvera

Pakati pa Akhristu a mipingo yosiyanasiyana pali chikhulupiriro chakuti munthu angathe kubatizidwa, kulembedwa m'kaundula wa mpingo, kupereka chopereka mokhulupirika ndi kuloweza mayankho onse a katekisimu, koma n'kukhalabe mlendo kwa Mulungu amene amamutchula Lamulungu lililonse. Kupembedza kumene kumatsindika za ubale wa munthu payekha ndi Mulungu kumayankha vuto limeneli, pophunzitsa kuti Mulungu ndi Atate amene munthu amalankhula naye m'pemphero, amamumva m'Malemba, amamuululira machimo ake ndi kumudalira pa zosowa za tsiku ndi tsiku. Mizu yake ndi yakalekale, pakuti Masalimo ambiri ndi mawu a munthu mmodzi wodandaulira Mulungu wake, ndipo Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, adalemba buku lake la Confessions ngati pemphero limodzi lalitali. Komabe mawonekedwe ake amene Akhristu ambiri amawadziwa lero, monga nthawi yapadera ya pemphero m'mamawa, timagulu tokumana m'nyumba ndi umboni wa kutembenuka mtima, adaumbidwa makamaka ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1600.

Dziko la Germany lidatuluka m'nkhondo ya zaka 30, imene idayamba mu 1618 n'kutha mu 1648, lili lophwasuka ndi lotopa, midzi yambiri itasanduka mabwinja chifukwa cha nkhondoyo, njala ndi miliri. M'masiku amenewo munthu ankakhala wa mpingo wa Lutheran kwenikweni chifukwa cha chigawo chimene adabadwira, osati chifukwa chakuti adasankha yekha. Si chilungamo kunena kuti abusa onse a nthawiyo adali ozizira mu uzimu, popeza nyimbo zozama za Paul Gerhardt zidalembedwa m'zaka zomwezo, koma maulaliki ambiri ankathera potsutsa ziphunzitso za Akatolika ndi za otsatira a Calvin, kotero kuti mlimi kapena mmisiri ankabwerera kwawo akudziwa zolakwa za mpingo wa anzake koma osadziwa mmene angapempherere mwana wake akadwala.

Philipp Jakob Spener, mkulu wa abusa mumzinda wa Frankfurt, adayamba mu 1670 kusonkhanitsa anthu ochepa m'nyumba mwake kawiri pa mlungu kuti apemphere, akambirane ulaliki wa Lamulungu ndi kuwerenga pamodzi. Mu 1675 adasindikiza kabuku kotchedwa Pia Desideria, ndiko kuti zokhumba za mtima woopa Mulungu, mmene adapempha kuti Baibulo liziwerengedwa m'mabanja ndi m'timagulu osati paguwa pokha, kuti Akhristu wamba azindikire kuti nawonso ndi ansembe oyenera kulangizana ndi kutonthozana, ndiponso kuti ophunzira zaubusa aziyesedwa pa makhalidwe awo monga momwe amayesedwera pa nzeru zawo. Otsutsa ake adatcha otsatira ake dzina lonyoza lakuti Pietists, ndipo gulu lonselo lidadziwika kuti Pietism. Spener sadafune kuyambitsa mpingo wina, ndipo pamene anzake ena a ku Frankfurt adaleka kupita kutchalitchi ndi kudya Mgonero poganiza kuti mpingo wadetsedwa, iye adawatsutsa ndipo chibwenzi chawo chidatha. Chotero kuyambira pachiyambi pomwe, funso lalikulu lidali lakuti kodi munthu amene wayandikira kwa Mulungu ayandikiranso kwa anthu anzake kapena adzipatula kwa iwo.

Amene adayankha funsoli ndi ntchito zooneka ndi maso ndi August Hermann Francke. Mu 1687, ali ku Lüneburg, Francke adapemphedwa kukalalika, ndipo pokonzekera ulaliki wochokera pa Yohane 20:31, ndime yonena za kukhulupirira Yesu ndi kulandira moyo m'dzina lake, adadzifunsa ngati iye mwini adali nacho chikhulupiriro chimene ankafuna kuuza ena. Katswiri wa Chihebri ndi Chigriki ameneyu adapezeka akukayika ngakhale zakuti Mulungu alipo, ndipo atavutika mumtima masiku angapo adagwada n'kufuulira Mulungu amene sankamudziwa, nadzuka ali wotsimikiza kuti wakhululukidwa ndiponso kuti angathe kumutcha Mulunguyo Atate. Zimene zidatsatira n'zimene zimapatsa nkhani yake kulemera. Atakhala mbusa ku Glaucha, dera losauka la m'mbali mwa mzinda wa Halle, mu 1695 adapeza m'kabokosi ka zopereka za osauka ndalama zokwana 4 thaler ndi 16 groschen, ndipo adagula nazo mabuku n'kuyamba kuphunzitsa ana a anthu osowa. Kasukulu kameneka kadakula n'kubala nyumba ya ana amasiye, imene idayamba kumangidwa mu 1698, masukulu angapo, malo okonzera mankhwala ndi malo osindikizira mabuku, ndipo pamene Francke ankamwalira mu 1727, ana oposa 2,000 ankaphunzira pamenepo. Komweko ku Halle, mu 1710, Carl Hildebrand von Canstein adakhazikitsa bungwe losindikiza Baibulo motchipa, posiya zilembo za tsamba lililonse zili zosanjidwa kale m'malo moziphwasula akatha kusindikiza, kuti ngakhale wantchito wapanyumba akhale ndi Baibulo lakelake. Ophunzira awiri a ku Halle, Bartholomäus Ziegenbalg ndi Heinrich Plütschau, adafika ku Tranquebar m'dziko la India mu 1706, ndipo Ziegenbalg adamasulira Chipangano Chatsopano m'chinenero cha Tamil.

Koma ku Halle komweko kudamera vuto limene likuvutitsabe Akhristu mpaka lero. Ena mwa otsatira a Francke adatenga zimene zidachitikira mphunzitsi wawo n'kuzisandutsa lamulo la aliyense, akumati Mkhristu weniweni ayenera kudutsa kaye m'nkhondo yoopsa ya kulapa, ndipo azitha kutchula tsiku limene adatembenuka mtima. Anthu a chikumbumtima chofewa, amene sadalirepo misozi yotere, ankakhala zaka akudzikayikira, maso awo atachoka pa Khristu n'kumangoyang'ana mmene mtima wawo ukumvera. Kulakwa kumeneku n'kwakukulu, chifukwa chikhululukiro chimene chidayenera kulandiridwa ngati mphatso chidasanduka mayeso amene munthu ayenera kukhoza.

Nikolaus Ludwig von Zinzendorf, mwana wa banja lolemekezeka amene adaphunzira pasukulu ya Francke, adakana lamulo limeneli, pakuti iye adakonda Yesu kuyambira ali wamng'ono ndipo sankatha kuloza tsiku limene adayamba. Mu 1722 adalola anthu othawa chizunzo kuchokera ku Moravia kuti amange pamalo ake, ndipo mudzi umene adamangawo adautcha Herrnhut. Zaka zoyamba zidali za mikangano, chifukwa obwerawo adachokera m'mipingo yosiyana ndipo aliyense ankati chiphunzitso chake ndiye choona, mpaka Zinzendorf adayamba kuyenda khomo ndi khomo kuwayanjanitsa. Pa 13 Ogasiti 1727, pa mwambo wa Mgonero m'tchalitchi cha ku Berthelsdorf, anthu amene ankadana adalira pamodzi n'kukhululukirana, ndipo m'mwezi womwewo amuna 24 ndi akazi 24 adagawana maola a usana ndi usiku kuti pasapite ola limodzi popanda wina wopemphera, mwambo umene udapitirira zaka zoposa 100. Anthu a ku Herrnhut ankagawidwa m'timagulu ta anthu ochepa, amuna paokha akazi paokha, mmene aliyense ankafotokoza mosabisa za moyo wake wauzimu. Kuyambira mu 1728 Zinzendorf ankapatsa mudzi wonse vesi limodzi loti azilisinkhasinkha tsiku lotsatira, ndipo mu 1731 mavesiwa adasindikizidwa m'kabuku ka chaka chonse, kotchedwa Losungen, kamene kakutulukabe chaka ndi chaka m'zinenero zoposa 50. Mudzi waung'ono umenewu ndi umene udatumiza Leonhard Dober ndi David Nitschmann kwa akapolo a pachilumba cha St Thomas mu 1732, ndiponso Georg Schmidt, amene adafika ku South Africa mu 1737 kukagwira ntchito pakati pa anthu a mtundu wa Khoikhoi.

John Wesley, mbusa wa mpingo wa Anglican, adakumana ndi anthu a ku Herrnhut m'sitima yapamadzi yopita ku Georgia, ndipo adadabwa kuwaona akupitiriza kuimba pakati pa namondwe pamene iye ankaopa kufa. Atabwerera ku London, pa 24 Meyi 1738, pamsonkhano wa mumsewu wa Aldersgate pamene wina ankawerenga mawu a Martin Luther oyambirira a kalata ya kwa Aroma, Wesley adatsimikiza mumtima kuti Khristu adachotsa machimo ake iye mwini, osati a anthu onse mwachisawawa. Komabe mu 1740 adasiyana ndi anzake a gulu la ku Herrnhut amene adali ku London, chifukwa mmodzi wa iwo, Philipp Molther, ankaphunzitsa kuti munthu amene alibe chitsimikizo chonse cha chikhulupiriro aleke kudya Mgonero ndi kuwerenga Malemba, angokhala chete kudikira Mulungu. Wesley adaona bwino kuti kuteroko kuli ngati kuuza wodwala kuti asamwe phala mpaka atachira. Iye adaphunzitsa kuti pemphero, Malemba, Mgonero, kusala kudya ndi kukumana ndi Akhristu ena ndizo njira za chisomo, ndiko kuti njira zimene Mulungu adaika kuti azikumana nazo ndi anthu ake, ndipo kuyambira mu 1742 adagawa otsatira ake m'makalasi a anthu pafupifupi 12 okumana mlungu uliwonse, mmene mtsogoleri ankafunsa aliyense za moyo wake ndi Mulungu.

Mtsinje umenewu wa Chikhristu cha mumtima udafika m'Malawi kudzera m'njira zingapo, koma yooneka bwino kwambiri ndi ya banja la Murray la ku South Africa. Andrew Murray, amene adabadwa mu 1828 n'kumwalira mu 1917, adali mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed ndiponso mlembi wa mabuku ambiri onena za pemphero ndi kukhala mwa Khristu, monga Abide in Christ ndi With Christ in the School of Prayer. Pamene chitsitsimutso chidabuka ku Worcester mu 1860, achinyamata atayamba kupemphera mokweza onse nthawi imodzi, Murray adalowa m'chipinda chimene ankapemphereramo n'kuyesa kuwatontholetsa poona ngati ndi chisokonezo, koma palibe adamumvera, ndipo pambuyo pake adavomereza kuti idali ntchito ya Mzimu Woyera. Iye adali mmodzi wa abusa amene adasonkha ndalama zawo kutumiza Andrew Charles Murray, mwana wa mbale wake, amene pamodzi ndi T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889 m'dera la mfumu Chiwere. Wachibale wina, William Hoppe Murray, adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, ndipo kuyambira pamenepo munthu wolankhula Chichewa adatha kutsegula Baibulo lonse m'nyumba mwake popanda womasulira pakati pa iye ndi mawuwo, chinthu chimene Spener ankachilakalaka kwa alimi a ku Germany.

Mapemphero a m'milaga a mpingo wa CCAP, miphakati ya Akatolika, misonkhano ya amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, magulu a SCOM ndi Scripture Union m'masukulu, ndiponso mafelosipi a m'matauni, zonsezi zili ndi mbiri zawozawo, koma zimagwira ntchito imene timagulu ta ku Frankfurt ndi ku Herrnhut tinkagwira, yopatsa Mkhristu wamba malo otsegulira pakamwa pake pa za Mulungu pamaso pa anthu amene amamudziwa. Mikangano yakale ija idafikanso kuno. Pamene uthenga wa kubadwanso mwatsopano udafalikira pakati pa achinyamata m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ena ankafunsa makolo awo ndi akulu a mpingo kuti adalandira Yesu liti, ngati kuti mayi amene wakhala akugwada m'bandakucha kwa zaka 40 ndi wosapulumutsidwa chifukwa sangathe kutchula tsiku. Ndipo akulu ena a mpingo nawonso ankathamangira kuletsa mapemphero a achinyamatawo, osaona kuti ambiri mwa iwo ankafunadi Mulungu ndi mtima wonse. Mbali zonse ziwiri zidataya kanthu pamenepa, pakuti mipingo ina idatsala yopanda achinyamata ake achangu, ndipo achinyamata ena adapita kumene kudalibe wowalangiza kapena wowafunsa za mmene akukhalira ndi akazi awo, antchito awo ndi ndalama za anthu. M'zaka zotsatira mipingo yambiri yakale idatsegula zitseko zake ku misonkhano ya chitsitsimutso, ku mapemphero ochezera usiku ndi ku nthawi ya maumboni, ndipo achinyamata ena a nthawi ija lero ndiwo abusa ndi akulu a mipingo imene kale inkawakayikira.