Musanaponye Khoka pa Chilwa, Dziwani Eni Malamulo a Pamadzi

Boti mukhoza kukhometsa ndi ndalama zanu, ukonde n'kugula wanu, injini n'kutenga pa ngongole imene mudzabweze nokha. Koma madzi a Chilwa, Chiuta ndi Shire si anu, ndiponso si a mfumu ya pagombepo. Lamulo losamalira ndi kuyendetsa ntchito za usodzi la 1997 linaika udindo woyang'anira nsomba m'manja mwa Dipatimenti ya Zausodzi, ndipo lamulo lomwelo linatsegula khomo loti asodzi eni ake azitenga nawo mbali. Mikangano yambiri imene imabuka pa Mposa, pa Namanja kapena pa Dinji imachokera poti anthu sadziwa kuti mphamvu za komiti zimalekera pati, za mfumu zili pati, ndipo za boma zimayambira pati.

Pali makomo atatu oti muwadziwe. Khomo loyamba ndi komiti ya pagombe, imene aliyense amangoti BVC. Mwini boti watsopano, kaya wachokera ku Ntaja, ku Ulongwe kapena kutali ku Phalombe, amayamba wakaonekera kumeneko, makamaka atanyamula kalata ya komiti ya gombe limene wachokera. Akomiti amafuna aone zida ndi maso awo: ndi matchera, khoka, miono kapena mbedza, maso a ukonde ndi aakulu bwanji, alovi ndi angati. Dzina lilowa m'kaundula, ndipo amamuuza malamulo a pamalopo. Komitiyi imakhala ya anthu pafupifupi 10 osankhidwa pamsonkhano, ndipo osankhawo si eni maukonde okha. Alovi, amayi oyanika ndi kuwamba nsomba, ogula n'kukagulitsa ku Liwonde kapena ku Balaka, onsewa ali ndi voti ndipo akhoza kuimira nawo. Mfumu imangolangiza ndi kukhala mkhalapakati. Ikayamba kusankha yokha anthu a m'komiti, dziwani kuti komitiyo yadwala kale. Makomiti a magombe angapo akaphatikizana amapanga bungwe la asodzi la nyanja yonse, ndipo bungwe limenelo ndi limene lingasainirane pangano la kayendetsedwe ka nyanja ndi mkulu wa Dipatimenti ya Zausodzi.

Mchitidwewu unayamba chifukwa cha tsoka la ku Malombe, nyanja ya anansi athu ku Mangochi imene Shire amadutsamo asanafike ku Liwonde. Mu 1982 kumeneko kunkaphedwa chambo choposa matani 8,000, koma patangotha zaka khumi sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Boma linaona kuti alonda ake ochepa sangathe kulondera nyanja yonse. Choncho mu 1993 linayambitsa makomiti a pagombe ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, mothandizidwa ndi mabungwe akunja. Makomitiwo anabadwira m'maphunziro ndi m'maalawansi, ndipo ndalamazo zitaphwa ambiri a iwo anafooka.

Nkhani ya ku Chiuta inayenda njira ina, ndipo ndi imene mwana wasukulu aliyense wa ku Machinga anayenera kuidziwa. Nyanja imeneyi, imene timagawana ndi Mozambique, inali ya asodzi a matchera, miono ndi mbedza. Kenako kunayamba kufika eni nkacha ochokera ku Malombe ndi ku Chilwa. Nkacha ndi khoka la maso ang'onoang'ono lokokera pakati pa madzi, ndipo pa nyanja yosaya ngati Chiuta limasesa pansi penipeni: zisa za makumba, udzu wa m'madzi, tiana ta nsomba, zonse. Madzi amene amayi ankatunga anasanduka matope, matchera a eni dera ankang'ambidwa, mtengo wa nsomba unagwa. Asodzi anadandaula kwa mafumu, koma ofufuza amene analemba mbiriyi anapeza kuti atsogoleri ena ankalandira kangachepe kwa eni nkachawo. Mu 1995 asodzi a ku Chiuta anadzisonkhanitsa okha, n'kupanga magulu awo, n'kupirikitsa eni nkacha. Boma linabwera pambuyo kudzavomereza zimene anthu anali atachita kale, ndipo kuletsa nkacha pa Chiuta kunalowa m'malamulo. Palibe amene anawalipira alawansi. Vuto lawo lalikulu linatsalira kutsidya, chifukwa lamulo la Malawi limathera pamalire pomwe nsomba ndi makoka sizidziwa malirewo, n'chifukwa chake akuluakulu a mbali ziwirizi akhala akukumana kukambirana za nyanjayi.

Khomo lachiwiri ndi ofesi ya zausodzi ya paboma, imene masiku ano imagwira ntchito pansi pa khonsolo, ndi alangizi ake okhala m'magombe. Kumeneko ndiko kumachokera laisensi. Ambiri amaganiza kuti laisensi ndi ya munthu kapena ya boti, pomwe kwa asodzi ang'onoang'ono imatsata mtundu wa chida: ya matchera siikuloleza kuponya khoka. Imakhala ya chaka chimodzi, ndipo mukalipira mulandire lisiti ya boma yokhala ndi nambala. Kapepala kong'amba m'kope ndi chidindo cha komiti kangakhale umboni woti mwapereka chopereka cha pagombe, koma si laisensi, ndipo pa tsiku la chipikisheni sikakupulumutsani. Chaka ndi chaka alangizi amayendanso m'magombe kuwerenga mabwato, mainjini, maukonde ndi asodzi. Ena amabisa zida poopa msonkho. Kubisako n'kudzipweteka, chifukwa ziwerengero zimenezo ndi zimene boma ndi mabungwe amayang'ana pogawa thandizo nyanja ikauma.

Ndipo Chilwa amauma ndithu. Alibe mtsinje wotulukira, ndi wosaya, ndipo amadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Anauma mu 1968, anaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa dothi long'aluka. Chimene chimabwezeretsa matemba, makumba ndi mlamba madzi akabwerera ndi nsomba zimene zimabisala m'mathawale a m'mitsinje ndi m'mabango. Apa ndi pamene lamulo loletsa katupe ndi mankhwala ena ophera nsomba limaonekera nzeru yake: wothira katupe m'thawale m'chaka cha chilala akupha mbewu ya nyanja yonse. Chimodzimodzi nyengo yotseka nyanja, imene pa Chilwa imayamba mu Disembala n'kutenga miyezi ya mvula pamene nsomba zikuswa. Imakhudza makamaka makoka, ndipo masiku ake enieni amalengezedwa ndi dipatimenti, choncho mverani wailesi kapena funsani mlangizi, osati mnzanu wa pa bawo. Neti ya udzudzu yosokerera ku thumba la khoka ndi yoletsedwa nyengo iliyonse. Ukonde uja wa ulusi umodzi woonekera ngati galasi, wotchipa pamsika koma wosaola, umene ukaduka n'kutsalira m'madzi umapitiriza kupha nsomba zimene palibe adzadye, nawonso boma linauletsa.

Nanga akakugwirani? Apa m'pofunika kutchera khutu. Komiti ili ndi mphamvu zotsata malamulo a pagombe amene anthu anagwirizana, ndipo malamulowo amalimba akavomerezedwa ndi khonsolo. Ikhoza kukuletsani kutera pagombe pake, ikhoza kukulipiritsani chindapusa chimene chinalembedwa, ikhoza kusunga chida choletsedwa n'kuitana a zausodzi. Koma kumanga munthu ndi ntchito ya apolisi ndi maofesala opatsidwa mphamvu ndi lamulo, ndipo kugamula mlandu wophwanya lamulo la dziko ndi kwa khoti, monga bwalo la majisitireti ku Liwonde. Wolandidwa ukonde ali ndi ufulu wofunsa kuti walakwira lamulo liti, kuti chidacho chilembedwe pamaso pa mboni, ndi kuti auzidwe kumene chikupita. Wolipira chindapusa afunse lisiti, ndipo pamsonkhano wa pagombe aliyense angathe kuimirira n'kufunsa msungichuma kuti ndalama za zindapusa zinagwira ntchito yanji. Ine ndimaona kuti funso limeneli, likamafunsidwa poyera kawirikawiri, limateteza nsomba kuposa boti la alonda. Komiti imene imalanda neti ya udzudzu ya mayi wamasiye m'mbali mwa bango, n'kusiya khoka la munthu wolemera likukokedwa usiku m'nyengo yotseka, siidzamvedwanso ndi aliyense. Mankhwala ake ndi chisankho, ndipo anthu a pagombe angapemphe mlangizi kuti aitanitse msonkhano wosankha ena.

Khomo lachitatu ambiri salidziwa n'komwe. A zausodzi amayang'ana ukonde, koma chombo chenichenicho chili pansi pa Dipatimenti ya Zapamadzi, motsata lamulo la maulendo a pamadzi la 1995. Iwo ndiwo amalembetsa zombo, kuziyeza ngati zili zoyenera kuyenda, kunena chiwerengero cha anthu oyenera kukwera, ndi kupereka ziphaso kwa oyendetsa. Izi zimakhudza makamaka maboti a injini onyamula anthu ndi katundu molipiritsa: oolotsa anthu pa Chilwa, ndi aja otenga alendo kukaona mvuu ndi njovu pa Shire ku Liwonde. Woyeza amayang'ana zomwezo zimene mmisiri wabwino amayang'ana. Amagogoda matabwa a pansi kuti amve ngati afumbwa, amaona nthiti ngati zikugwirabe misomali, amaona mipata ngati yatsekedwa bwino ndi thonje ndi phula, amawerenga majekete oyandamitsa munthu. Boti limene mwana mmodzi ntchito yake ndi kukapa madzi ulendo wonse lanena kale zaka zake. Nyengo yotseka nyanja ndiyo nthawi yabwino yolikokera kumtunda, kulitembenuza, kupala ndere, kusintha thabwa lowola ndi kuthira phula latsopano. Injini nayonso ili ndi chizindikiro chake chosavuta: kamadzi kaja kamene kamatuluka kumbuyo ikamalira. Kakasiya, zimitsani pomwepo, chifukwa matope a Chilwa kapena mizu ya namasupuni ya mu Shire yatseka polowera madzi oziziritsa, kapena kampira kopopa madziwo katha. Mukakakamira mphindi zochepa chabe, injini yapsa.

Za makina oona nsomba pansi pa madzi ndi zida zolondola zombo pa setilaiti, zimenezo n'za maboti akuluakulu okoka makoka pa nyanja ya Malawi. Kuno chida chamagetsi chimene chimapulumutsa miyoyo ndi foni yachaji yokulunga m'pulasitiki, tochi, ndi wailesi yomverera machenjezo a mphepo ya mwera ochokera ku nthambi yoona zanyengo. Asodzi ogona miyezi m'zimbowera, tinyumba tija toyandama pakati pa Chilwa, amadalira kasola kakang'ono kuti foniyo isazime.

Anthu a ku Balaka, boma limene linapatuka ku Machinga mu 1998, madzi awo aakulu ndi Shire, ndipo pa Shire pali malire ena awiri oti muwadziwe. Oyamba ndi a nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015. Mbali ya mtsinje imene ili m'kati mwa paki siili pansi pa komiti ya pagombe ayi. Ili pansi pa lamulo la nyama zakutchire, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017, ndipo laisensi ya usodzi ilibe ntchito m'menemo. Munthu wopezeka ndi bwato ndi ukonde m'paki amaimbidwa mlandu wa nyama zakutchire, osati wa pagombe, ndipo akhoza kukaseweza kundende. Amene ali ndi dandaulo la malire, la ng'ona kapena la mvuu zowononga mbewu apite nalo kudzera kwa mfumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi yozungulira paki. Achiwiri ndi a Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chinamangidwa mu 1965 ndipo chimawongolera madzi opita kumalo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pafupi ndi zitseko zake madzi amakoka mwamphamvu, ndipo kumtunda kwake kuli chingwe chotchinga zinyalala ndi namasupuni. Nsomba zimaunjikana pamenepo, n'zoona, koma bwato likakokedwera pansi pa chitseko mwini wake sapeza mpata ngakhale wotaya nkhafi.