Kodi ndani akutichedwetsa pa siteji?

Aliyense wokhala ku Bangwe, ku Machinjiri, ku Chirimba kapena ku Chilobwe, amene ntchito yake ili m'tauni ya Blantyre kapena ku Limbe, amadziwa kuti tsiku lake limayambira pa siteji. Munthu amadzuka kusanache, nakaima pamsewu 6 koloko isanakwane, koma sangathe kulonjeza bwana wake nthawi imene afike. Lero minibasi yabwera msanga, mawa kulibe. M'mawa mtengo ndi wina, madzulo kukagwa mvula mtengo wasintha. Ambiri a ife tinazolowera, timangoti, "Ndi mmene zilili." Ena timathira mkwiyo wathu wonse pa kondakitala.

M'mutu uno tiona chimene chimachititsa vutoli. Tipeza kuti silinagwe lokha ngati mvula ayi. Lili ndi chiyambi chake, ndipo alipo maofesi amene lamulo linawapatsa udindo wolikonza.

Zimene timataya

Tiyeni tiwerengere pamodzi monga m'kalasi. Tiyerekeze kuti mayi wina amataya ola limodzi m'mawa ndi ola lina madzulo, podikira ndi poima panjira. Pa sabata ya masiku 6 ndiye kuti wataya maola 12. Pa masabata 4 ataya maola 48. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu azigwira ntchito maola osapitirira 48 pa sabata. Ndiye kuti mwezi uliwonse mayiyu amapereka sabata yathunthu kwa msewu, ndipo palibe amene amamulipira.

Kuwonjezera apo, waganyu akachedwa amapeza malo ake atenga wina. Mwana wa sukulu amapeza phunziro loyamba latha, ndipo ife aphunzitsi timamulanga osamufunsa kuti wayenda bwanji. Wodwala wopita ku chipatala cha Queen Elizabeth amakakhala kumapeto kwa mzere. Mtsikana woweruka mochedwa amatsitsidwa panjira kunja kutada, natsiriza ulendo wapansi ali ndi mantha.

Kale kunali mabasi oyendera nthawi

Akuluakulu akukumbukira mabasi a kampani ya United Transport Malawi, amene tinkangowatchula kuti UTM. Mu 1989 kampaniyi inalowa m'manja mwa Stagecoach ya ku Britain. Mu 1997 Stagecoach inachoka, dzina nkukhala Shire Bus Lines, ndipo patapita zaka ngati 10 nayonso inatsekedwa. Mabasi aja sanali angwiro. Ankachepa, anthu ankaima mothithikana, ndipo madera ambiri sankafikako. Koma anali ndi zinthu ziwiri zimene lero tikuzisowa: nthawi yonyamukira yodziwika, ndi tikiti yolembedwa mtengo.

Pa zaka zomwezo boma linatsegula malonda kuti aliyense amene ali ndi galimoto ndi chiphaso anyamule anthu. Maminibasi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera makamaka ku Japan, anadzaza m'misewu. Mzinda nawo unali kukula. Kalembera wa 1987 anapeza anthu oposa pang'ono 330,000 mu mzinda wa Blantyre. Wa 2018 anapeza anthu 800,000. Anthu atsopanowa sanapeze malo pafupi ndi ntchito. Anakamanga kumalire a mzinda ndi m'mbali mwa mapiri, pamene masitolo, maofesi ndi mafakitale zinatsala pomwe zinali kale. Anthu anachuluka, mtunda unatalika, ndipo ntchito yowanyamula inatsala m'manja mwa anthu wamba mazanamazana, aliyense ndi galimoto yake ndi nzeru zake.

Mmene minibasi imapezera ndalama

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwini minibasi kawirikawiri si munthu wolemera kwambiri. Ena anagula ndi ndalama za penshoni, ena ndi ngongole. Mwina timakhala nawo mphakati umodzi. Iye sangathe kuwerenga anthu amene akwera tsiku lonse, choncho ambiri amagwirizana ndi dalaivala motere: madzulo ubweretse ndalama zakutizakuti. Ndalama imeneyi amaitcha tageti. Mafuta agule okha pa ndalama za tsikulo. Zotsala pamwamba pa tageti ndi mafuta ndizo dalaivala ndi kondakitala amayembekezera kuti adyerepo.

Mukamvetsa zimenezi, zonse zimene zimatikwiyitsa zimamveka.

Minibasi sinyamuka isanadzaze, chifukwa mpando wopanda munthu ndi ndiwo za ana a dalaivala zimene zatayika. Nthawi yanu iye simupweteka. Mpando ndiwo umamupweteka. N'chifukwa chake injini imalira, galimoto imasuntha pang'ono ngati ikupita, kenaka nkubwerera pomwe inali. N'chifukwa chakenso nthawi zina mumapeza anthu atakhala kale m'katimo, inu nkuganiza kuti yatsala pang'ono kudzaza, koma mutangokhala pansi iwo akutsika mmodzimmodzi. Sanali pa ulendo, anali nyambo.

Ikadzaza imathamanga koopsa, chifukwa siteji ya kutsogolo ili ndi anthu ndipo minibasi ina ikubwera pambuyo. Anthu akatsika ambiri panjira, dalaivala amaona kuti kupitiriza ndi anthu anayi n'kuwotcha mafuta pachabe. Ndiye amakutsitsani, nakukwezani m'galimoto ina, iye nkutembenuka. Wina wa ku Chigumula amene analipira mtengo wonse amapezeka akukangana ndi kondakitala wachiwiri amene sanalandire kanthu.

Mafuta amathira pang'onopang'ono, a ulendo umodzi kapena iwiri, poti m'mawa m'thumba mulibe ndalama yodzadzira thanki. Ndiye galimoto imapatukira pomwetsera mafuta anthu ali momwemo, kapena kuthima pa chitunda kondakitala nkutsika ndi chigubu. Matayala, mabuleki ndi nyali zimadikira, popeza tsiku limene galimoto ili kwa makaniko palibe amene amadya.

Nanga mtengo? Boma siliika mtengo wa minibasi. Eni ake ali ndi bungwe lawo la Minibus Owners Association of Malawi, koma pa siteji mtengo umayendera kuchuluka kwa anthu. Masana, okwera akachepa, mutha kunenerera. Madzulo, anthu akaunjikana, kondakitala ndiye mfumu. Choncho wosauka weniweni, amene sangasankhe nthawi yoyendera chifukwa amaweruka limodzi ndi aliyense, ndiye amalipira mtengo wokwera.

Pamwamba pa izi pali oitanira. Boma linaletsa kuitanira mu 2006, koma aliyense amawaona m'masiteji mpaka lero, ndipo galimoto ikadzaza amalandira yawo. Pali lamulo loti pampando pazikhala anthu atatu, koma anayi amakhala, makamaka kukada. Ndipo pamene wapolisi wina wosakhulupirika walandira "ya fanta" m'malo molemba mlandu, ndalama imeneyo sichoka m'thumba mwa dalaivala ayi. Imachoka kwa inu, ndipo galimoto yopanda mabuleki ija imapitiriza ulendo mwana wanu ali momwemo.

Sindikunena izi pofuna kuyeretsa makondakitala. Mwano ndi mwano, ndipo wobisa chenje ndi wakuba basi. Koma ngakhale mutachotsa kondakitala wamwano ndi kuikapo mkulu wa kwaya, mawa lake tageti idzamudikira chimodzimodzi, ndipo minibasi sidzanyamuka isanadzaze. Anyamatawa amadzuka ife tisanadzuke, amagona ife titagona, ambiri opanda kalata ya ntchito, ngakhale lamulo la ntchito limafuna kuti wolemba munthu ntchito amupatse zogwirizana zawo polemba.

Mafuta ndi misewu

Pali zina zimene dalaivala ndi mwini galimoto sangazisinthe. Dziko lathu lilibe doko. Petulo ndi dizilo zimabwera kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalama zakunja zikasowa, mafuta amasowa, monga tinaonera mu 2011 ndi 2012, komanso kangapo kuyambira 2022. Masiku otero minibasi imagona pamzere wa mafuta m'malo monyamula anthu, ndipo yochepa imene ili pamsewu imatchula mtengo umene yafuna. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Galimoto, matayala ndi zitsulo zonse ndi zochokera kunja, choncho zinakwera, ndipo tageti inakwera nazo.

Misewu nayo ili ndi mbali yake. Galimoto zambiri zoyenda pakati pa Blantyre ndi Limbe zimadalira msewu wa Masauko Chipembere. Ngozi imodzi pa Ginnery Corner kapena ku Chichiri imaimitsa anthu ambirimbiri. M'makwalala a m'madera okhala anthu, msewu ukakumbika ndi madzi, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu March 2023, maminibasi amathera pamene pathera phula. Otsalawo akwere kabaza wa njinga yamoto, amene ndi wofulumira koma wodula, ndipo ngozi zake tonse taziona.

Udindo ndi wa yani?

Dziwani kuti inu mumalipira kale. Mu mtengo wa lita iliyonse ya mafuta muli ndalama yokonzera misewu, imene imapita ku Roads Fund Administration. Ngakhale mulibe galimoto, mukalipira kondakitala mwaperekako. Choncho pofunsa za msewu simukupempha chifundo. Mukufunsa za ndalama zanu.

Mtengo wa mafuta amalengeza ndi bungwe la MERA. Kuyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndi kupereka ziphaso kwa madalaivala, ndi ntchito ya nthambi ya boma ya Road Traffic. Kuona kuti malamulo a pamsewu akutsatidwa ndi ntchito ya apolisi. Nkhani za ziphuphu zimapita ku Anti-Corruption Bureau. Madandaulo a ogula, monga kulipiritsa ulendo wonse nkukusiyani panjira, kapena eni galimoto kupangana mtengo mobera anthu, angathe kupita ku Competition and Fair Trading Commission. Koma madepoti, malo oimapo maminibasi, nyali za mumsewu ndi misewu yambiri ya m'madera mwathu zili m'manja mwa Khonsolo ya Mzinda, kumene kumakhala makhansala amene tinawasankha tokha.

Pano ndiimepo pang'ono. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Zaka 9 zimenezo zinatiphunzitsa chizolowezi choipa chotengera chilichonse kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, kapena kungokhala chete. Makhansala alipo tsopano. Tinawasankhanso pa 16 September 2025. Koma ndi angati mwa ife amene anafunsa wopikisana aliyense za siteji, za mthunzi wobisalamo mvula, kapena za nyali pamalo otsikira usiku? Tinafunsa za mabokosi a maliro ndi mipira ya achinyamata.

Taonani kuti pa maofesi onsewa palibe imodzi imene ingaimirire ndi kunena kuti, "Ine ndine woonetsetsa kuti munthu wa ku Ndirande afike ku ntchito pa nthawi yake." Aliyense wagwira kachidutswa kake. Maganizo anga ndi akuti Khonsolo ndi Unduna wa za Mtengatenga ayenera kukhala pansi ndi eni maminibasi, kuti galimoto zizipatsidwa njira yake ndi nthawi yake, mtengo uzilembedwa poonekera, ndipo dalaivala azilandira malipiro odziwika m'malo mwa tageti. M'misewu ikuluikulu mufunika mabasi akuluakulu, poti basi imodzi imanyamula anthu a maminibasi anayi kapena kuposa. Izi zidzafuna ndalama, ndipo ena amene akudyerapo lero adzakana. Koma sizidzayamba nkomwe ngati okwera sanena kanthu. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Poyambira pake

Dandaulo la munthu mmodzi wokwiya limathera pa siteji pomwepo. Limene limamveka mu ofesi ndi lolembedwa. Mphakati kapena komiti ya chitukuko ingathe kusankha anthu atatu kapena anayi oyenda njira imodzi, kuti kwa masabata awiri azilemba m'kope tsiku, nthawi imene anafika pa siteji, nthawi imene galimoto inanyamuka, mtengo umene analipira, ndi malo amene anatsitsidwa. Ngati pachitika cholakwa chachikulu, alembe nambala ya galimoto, osakangana ndi munthu. Polemba musawonjezere kanthu, chifukwa bodza limodzi lidzagwetsa zoona zonse.

Kopelo likadzaza, itanani khansala wa dera lanu ku msonkhano. Itananinso eni maminibasi, madalaivala ndi wapampando wa pa siteji, ndipo muwapatse mpata wolankhula, chifukwa nawonso ali ndi zowawa zimene ife okwera sitizidziwa. Funsani zinthu zochepa zimene zingatheke chaka chomwechino: chikwangwani cha mitengo pa siteji, nyali pamalo otsikira, kukwirira maenje amene akubweza galimoto panjira. Funsani kuti ndalama za dera lanu mu bajeti ya Khonsolo ndi zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho mungathe kupempha zimenezi polemba kalata.

Musanabalalike, mlembi awerenge mokweza zimene khansala walonjeza, ndipo mugwirizane tsiku limene adzabwerenso kudzafotokoza pamene zafika. Kalata imodzi ipite kwa iye, ina ku ofesi ya Khonsolo ku Chichiri, ina itsale m'kope la komiti.