Chifukwa Chiyani Asilikali a Ndege Opuma Amakumanabe? Phunziro la ku Britain

Mwezi wa Sepitembala ukafika, m'matauni ambiri a ku Britain mumaoneka azibambo ndi amayi achikulire ataima pamakomo a masitolo, atavala majekete okhala ndi mamendulo, m'manja atanyamula zitini zosonkhera ndalama. Amene waponyamo kangachepe amapatsidwa kachizindikiro ka mapiko koti amate pachovala chake. Abale athu amene akugwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba m'dzikolo amakumana nawo anthu amenewa, mwina osadziwa kuti ndi ayani. Iwowa ndi mamembala a bungwe la Royal Air Forces Association, limene mwachidule limatchedwa RAFA. Ndi bungwe la anthu amene adagwirapo ntchito m'gulu la asilikali a ndege, pamodzi ndi mabanja ndi abwenzi awo. M'nkhani ino tifotokoza chiyambi cha bungweli, amene amaloledwa kulowamo, zimene amachita akakumana, ndiponso zimene ife Akhristu tingatolepo.

Chiyambi cha bungweli

Gulu la asilikali a ndege la Britain, la Royal Air Force, lidakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1918, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ili pafupi kutha. Mu 1929 asilikali ochepa a pamalo a ndege a Andover adayamba kukambirana zoti pakhale njira yoti amene adagwirira ntchito limodzi asatayane akapuma. Maganizo awo adabala bungwe lotchedwa Comrades of the Royal Air Force, ndipo dzina la Royal Air Forces Association lidabwera mu 1943, nkhondo yachiwiri ili mkati.

Nkhondo imeneyo ndiyo idakulitsa bungweli. Kuyambira pa 10 Julaye mpaka pa 31 Okutobala 1940 ndege za Britain zidalimbana ndi za Germany mumlengalenga mwa dzikolo, pa nkhondo imene imatchedwa Battle of Britain. Asilikali a ndege pafupifupi 3,000 adamenya nawo, ndipo 544 mwa iwo adafa m'miyezi imeneyo. Gulu la ndege zoponya mabomba lidataya anthu 55,573 pa nkhondo yonse. Otsala adabwerera kwawo ena atapsa nkhope, ena atalumala, ambiri ali ndi mabala a mumtima amene sakadatha kuwafotokozera akazi awo ndi ana awo. Nchifukwa chake nthambi za bungweli zidaphuka m'matauni aakulu ndi aang'ono, ndipo pofika 1947 mamembala adali pafupifupi 200,000.

Amene amalowamo

Ambiri amaganiza kuti bungwe lotere ndi la oyendetsa ndege okha. Si choncho ayi. Kuti ndege imodzi iuluke pamafunika anthu ambiri otsala pansi: amakaniko, othira mafuta, oyang'ana zanyengo, a mawailesi, ophika, anamwino, alembi, alonda ndi oyendetsa magalimoto. Onsewa, amuna ndi akazi, ali ndi malo m'bungweli, kaya akadali pa ntchito kaya adapuma. Khomo ndi lotsegukiranso amene adatumikira m'magulu a ndege a maiko a Commonwealth, amayi amasiye, ana ndi adzukulu, komanso anthu wamba amene amagwirizana ndi zolinga zake. Membala amapereka ndalama ya umembala chaka ndi chaka, amalembedwa ku nthambi, ndipo amalandira magazini ya bungweli yotchedwa Air Mail. Likulu lake lili mumzinda wa Leicester, koma moyo wake weniweni uli ku nthambi.

Nthambi iliyonse imasankha wapampando, mlembi, msungichuma, wonyamula mbendera, ndipo kawirikawiri pamakhalanso woona za umoyo wa mamembala. Anthuwa salandira malipiro. Chinthu chimene tiyenera kuchiona bwino ndi chakuti ku nthambi maudindo a ku usilikali sagwira ntchito. Amene kale adali mkulu wolamula akhoza kukhala membala wamba, pamene wapampando ndi munthu amene ankatsuka injini. Mawu otsogolera bungweli, amene ali m'Chilatini, amanena za kusadzikhalira wekha koma kukhalira ena.

Zimene amachita akakumana

Mlendo amene angalowe pamsonkhano wa nthambi akhoza kukhumudwa, pakuti sadzapezapo chodabwitsa. Amayamba ndi mawu okumbukira anzawo amene adamwalira, amawerenga zimene adakambirana mwezi watha, msungichuma amapereka lipoti, kenaka amamwa tiyi ndi kucheza. Nthambi zina zili ndi nyumba zawozawo zochezeramo, momwe amasewera bingo ndi darts, amachita mipikisano ya mafunso, amavina, ndi kuchita mayere a mphatso pofuna kupeza ndalama. Zina zimabwereka chipinda muholo ya tchalitchi kapena ya mudzi. Nthawi zina amabwereka basi kupita kukaona ndege zakale ku nyumba zosungiramo mbiri monga za ku Hendon ndi Cosford, kapena ku munda wa chikumbutso wa National Memorial Arboretum ku Staffordshire. Mwezi wa Disembala amadyera limodzi chakudya cha Khrisimasi.

Pali masiku awiri amene nthambi iliyonse imawalemekeza. Loyamba ndi la 15 Sepitembala, lokumbukira Battle of Britain. Lamulungu loyandikana nalo kumakhala mapemphero m'matchalitchi, ndipo ndi nyengo yomweyo imene amachita chopereka chija cha mapiko, chotchedwa Wings Appeal. Lachiwiri ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, lokumbukira onse amene adafa pa nkhondo. Ku London kuli tchalitchi cha Anglican cha St Clement Danes, chimene chidapsa ndi mabomba mu 1941, nkumangidwanso ndi kudalitsidwa mu 1958 ngati tchalitchi chachikulu cha asilikali a ndege. Membala akamwalira, nthambi imatumiza mbendera yake ku maliro, ndipo wonyamula amaiweramitsa pansi popereka ulemu wotsiriza.

Phindu la kapu ya tiyi

Tsono wina angafunse kuti: kodi bingo ndi tiyi nzofunika bungwe lathunthu? Yankho lake lagona pa zimene zimachitikira msilikali akavula yunifolomu. Kwa zaka zambiri amakhala akudzuka, kudya, kugwira ntchito ndi kuseka pamodzi ndi anzake. Tsiku lopuma zonsezi zimatha nthawi imodzi. Ana amasamukira kutali, mkazi kapena mwamuna amamwalira, ndipo munthu amene adaphunzitsidwa kupirira osadandaula savomera msanga kuti zinthu zamuthina. Sadzapita ku ofesi kukapempha thandizo. Koma ku tiyi wa Lachinayi amapita, chifukwa kumeneko palibe amene akumuona ngati wopemphetsa.

Apa ndi pamene pali nzeru yonse. Gulu limene limakumana mokhazikika limazindikira msanga mpando umene wakhala wopanda munthu. Wina akajomba kawiri, mnzake amamuimbira foni kapena kukagogoda pakhomo. Akapeza kuti wagwa, akudwala, kapena akulephera kulipira magetsi otenthetsera nyumba m'nyengo yozizira, amadziwitsa woona za umoyo, amene amathandiza kulemba makalata ofunsira penshoni kapena thandizo ku mabungwe ena monga RAF Benevolent Fund. Bungweli lilinso ndi anthu odzipereka amene amaimbira foni okhala okha kuti angocheza nawo. Macheza ndiwo maso ndi makutu a ntchito yachifundo. Akuluakulu athu adanena kale kuti kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

Sitikunena kuti zonse zili bwino. Kumene kuli nyumba yochezera yogulitsa mowa kumakhalanso chiyeso cha uchidakwa, makamaka kwa munthu amene akufuna kuiwala zimene adaona. Vuto lina ndi ukalamba. Amene adamenya nkhondo yachiwiri atsala owerengeka. Lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali lidasiya kuitana atsopano mu 1960, ndipo gulu la ndege la lero ndi laling'ono poyerekeza ndi la nthawi imeneyo. Nthambi zina zidatsekedwa chifukwa chosowa woti akhale mlembi kapena msungichuma. Bungwe limene silikopa achinyamata limafa pamodzi ndi oliyambitsa.

Chitsanzo cha Leonard Cheshire

Mmodzi mwa oyendetsa ndege otchuka a nkhondo yachiwiri adali Leonard Cheshire, amene adalandira mendulo ya Victoria Cross mu 1944, ndipo mu 1945 adatumidwa kukaonerera kuponyedwa kwa bomba la atomiki pa Nagasaki. Nkhondo itatha adayesa kukhazikitsa mudzi woti asilikali opuma azikhalamo pamodzi, koma ntchitoyo idalephera. Mu 1948 adamva kuti mmodzi wa anthu a m'mudzi uja akudwala khansa ndipo alibe kolowera. Cheshire adamutengera kunyumba kwake ku Le Court, namudwazika yekha mpaka imfa. Wodwalayo adali Mkatolika, ndipo pa Khrisimasi ya chaka chomwecho Cheshire adalandiridwa mu Mpingo wa Katolika. Kuchokera pa wodwala mmodziyo padabadwa nyumba za Cheshire zosamalira olumala, zimene zidafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo kuno ku Africa. Adamwalira mu 1992, ndipo mu 2017 Dayosizi ya East Anglia idayamba ntchito yofufuza za moyo wake kuti mwina adzatchulidwe woyera. Zonsezi zidayamba chifukwa munthu sadataye mnzake wakale.

Mpingo ndi asilikali

Mpingo umadana ndi nkhondo, koma sutaya msilikali. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, umaphunzitsa kuti asilikali amene akugwira ntchito yawo moyenera amathandiza kukhazikitsa mtendere. Mu 1920 Papa Benedict XV adalengeza kuti Amayi Maria a ku Loreto ndiwo nkhoswe ya onse oyenda pa ndege, ndipo mu 2019 Papa Francis adaika chikumbutso chawo, cha pa 10 Disembala, pa kalendala ya Mpingo wonse.

Nanga ife kuno?

Nafenso tili ndi asilikali opuma. Azigogo athu a King's African Rifles adakamenya nkhondo mpaka ku Ethiopia ndi ku Burma, ndipo chipilala cha ku Zomba chimatikumbutsa za iwo. Ana athu akhala akutumikira pa ntchito yosungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, kumene asanu ndi mmodzi adaphedwa mu Novembala 2018. Pa ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024, imene idatenga moyo wa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, atatu mwa iwo adali asilikali ogwira ntchito m'ndegemo. Mwambo wa boma umatha, nkhata zamaluwa zimafota, koma amasiye ndi ana amatsala m'maparishi athu.

Sitifunika kuyambitsa bungwe latsopano, pakuti miphakati tili nayo kale. Chofunika ndi kuphunzira mwambo wa mpando wopanda munthu. Atsogoleri a mphakati adziwe asilikali, apolisi, aphunzitsi ndi ena opuma amene ali m'dera lawo, awaitane ku misonkhano, ndi kuwapatsa ntchito yogwirizana ndi luso lawo. Tisathamangire kubalalika pemphero likangotha, chifukwa pa macheza a pambuyo pake ndi pamene timamva za amene wadwala. Ndipo wina akasowa masabata awiri, pasankhidwe anthu awiri okamuzonda sabata yomweyo, asanafike podzamva za iye pa uthenga wa maliro.

Amayi Maria a ku Loreto, mutipempherere ife.