KODI MUNGAMLEMBE NTCHITO MNYAMATA WOVULALA BONDO?

Tiyeni tipite kutali pang'ono, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ku dziko la Amereka. Kumeneko kuli masewera amene eni ake amawatcha mpira wamiyendo, koma inu mutawaona mungatsutse, pakuti nthawi zambiri mpirawo amaunyamula m'manja, ndipo suli wobulungira ngati wathu, koma wosongoka uku ndi uku. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 pabwalo. Mbali imodzi imayesa kupita nawo mpira kutsogolo, inayo imatsekereza ndi kugwetsa pansi munthu amene waunyamula. Chifukwa cha kugundanako onse amavala zisoti zolimba ndi zotchinjiriza mapewa.

Pakati pa otsekerezawo pali ena otchedwa linebacker. Kutsogolo kumaima ziphona zitatu kapena zinayi zokankhana ndi adani, kumbuyo kwenikweni kumakhala anyamata aliwiro, ndipo linebacker amaima pakati pa magulu awiriwa. Ntchito yake njovuta zedi. Ayenera kuzindikira msanga kumene mpira ukupita, athamangire kutsogolo kukagwetsa munthu, kapena abwerere chambuyo kukalonda amene akuti amponyere mpira, ndipo zonsezi azichita ali ndi thupi lolemera makilogalamu 100 kapena kuposa. Chachikulu koposa ndicho kutembenuka mwadzidzidzi ali pa liwiro. Musaiwale mau amenewa, chifukwa kutembenukako kumalemetsa bondo, ndipo nkhani yathu yagona pa bondo.

MMENE AMASANKHIRA ANYAMATA

Bungwe lalikulu la mpirawu limatchedwa NFL, ndipo lili ndi matimu 32. Mnyamata amayamba wasewera ku koleji, ndipo saloledwa kulowa m'bungwelo zisanathe zaka zitatu chitulukire ku sekondale. Ngakhale nthawi itakwana, sasankha yekha kumene adzapita. Chaka chilichonse m'mwezi wa Epulo matimu amasonkhana pa msonkhano wotchedwa draft, nagawana anyamatawo mosinthana. Timu imene inachita moipa koposa chaka chathacho ndiyo imayamba kutchula dzina, ina nitsatira, kufikira onse atazungulira kasanu ndi kawiri.

Tsono taonani kulemera kwake. Timu iliyonse imakhala ndi mwayi wosankha anthu ngati asanu ndi awiri okha pa chaka, ndipo ukataya mwayi umodzi pa munthu wosathandiza, subweranso. Kwa mnyamata nakonso nambala imene watchulidwira ndiyo imanena malipiro ake. Wotchulidwa pa nambala 4 ndi wotchulidwa pa nambala 34 sadya mbale imodzi ai.

Asanasankhe amayesa. M'mwezi wa Febuluwale anyamata ngati 300 amaitanidwa ku mzinda wa Indianapolis. Amawayesa msinkhu, sikelo ndi kukula kwa manja, amawathamangitsa mayadi 40, amawanyamulitsa chitsulo cha mapaundi 225 kuti aone anyamula kangati. Koma chimene matimu amadzera kwenikweni ndi madokotala. Mnyamata amapindidwa mawondo ndi mapewa, amajambulidwa m'kati mwa thupi ndi makina, ndipo amene ali ndi chilonda chachikulu amamuitananso mu Epulo kuti aone ngati chikupola.

ZIMENE ZINAMGWERA JAYLON SMITH

Jaylon Smith anabadwa m'chaka cha 1995 ku Fort Wayne m'chigawo cha Indiana, nasewera ku koleji ya Notre Dame. M'chaka cha 2015 analandira mphotho ya Butkus, imene imapatsidwa kwa linebacker wopambana onse a m'makoleji. Odziwa za mpirawu ankati adzatchulidwa pakati pa anthu asanu oyamba, ena ankati khumi oyamba.

Pa 1 Januwale 2016 koleji yake inakumana ndi ya Ohio State ku Glendale, Arizona, pa masewera otsekera chaka otchedwa Fiesta Bowl. Awa anali masewera ake otsiriza a ku koleji. Asanapite patali, mnyamata wa mbali inayo anamkankha, iye naponda moipa ndi mwendo wakumanzere, bondo nkupindikira kumene siliyenera kupindikira. Notre Dame inagonja 44 kwa 28, koma anthu sanalankhule kwambiri za zigolizo. Analankhula za bondo la Smith.

Pano ndipo pofunika kuti timvetsane bwino. M'bondo muli zingwe zinayi zazikulu zolimba zimene zimamanga fupa la ntchafu ndi mafupa a msongolo. Smith anadula ziwiri, chimodzi cham'kati chopingasa, chimene madokotala amachitcha ACL, ndi china cha m'mbali yakunja. Zimenezi mukazimva zikuopsa, komatu akuluakulu a matimu saziopa kwambiri masiku ano. Dokotala amatenga chingwe china nachiika m'malo mwa chodukacho, ndipo pakapita miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu anthu ambiri amabwerera pabwalo. Akadavulala zokhazo, Smith akadatsika pang'ono chabe.

Choopsa chinali china. Kumbali yakunja ya bondo, pamwamba pa kafupa kakang'ono ka msongolo, kumadutsa mtsempha wonyamula mau ochokera ku ubongo kupita ku minofu yodzutsa phazi. Gwirani pamenepo ndi chala, mukamva kafupa kotumphuka, mtsemphawo uli pompo, pafupi ndi khungu. Wa Smith sunaduke, koma unakokeka koopsa, kotero kuti mau sankafikanso. Phazi linangoti lende. Munthu wotere akamayenda amakweza bondo kwambiri kuti zala zisakwekwerezeke pansi. Nanga kuthamanga? Nanga kutembenuka mwadzidzidzi kuja?

Ndipo mtsempha wotere sulamulika. Fupa lothyoka mukhoza kuliwerengera masabata, chingwe chosokedwa mukhoza kuchiwerengera miyezi. Mtsempha umaphukanso wokha pang'onopang'ono, ngati inchi imodzi pa mwezi, ndipo nthawi zina umaima panjira osafika. Palibe mankhwala oufulumizitsa. Mu Epulo, atamuyesanso ku Indianapolis, phazi linali lisanadzuke, ndipo zinamveka kuti matimu ena afafaniza dzina lake m'mabuku awo.

MAFUNSO A MUNTHU WOSANKHA

Tiyeni tsopano tikhale pa mpando wa mkulu wa timu. Inu amene munagulapo ng'ombe yapagoli pa msika mukudziwa kuti kutsimphina kulipo kwa mitundu iwiri, kwina kwa minga, kwina kwa fupa. Munthu si ng'ombe, ndipo tisamfanizire mopitirira, koma funso loyamba ndi lomwelo, kuti chavulala nchiyani makamaka, ndipo chimapola kapena ai.

Lachiwiri ndi ili: akapola mosakwanira, chotsalacho nchochuluka bwanji? Apa ndipo amabwerera ku zithunzi za masewera ake akale, naziona mobwerezabwereza. Alipo anyamata amene mphamvu yawo yonse ili m'miyendo, ndipo liwiro likachepa pang'ono palibe chotsala. Alipo ena amene ali ndi diso, amadziwa kumene mpira upita usanachoke, kotero kuti amayamba kuthamanga anzawo asanaganize. Wotereyu angataye liwiro pang'ono nakhalabe wothandiza. Smith ankatamidwa pa zonse ziwiri, koma chimene chinkamsiyanitsa ndi anzake chinali liwiro lothamangira kuchokera mbali ina ya bwalo kufika mbali ina, ndipo nchimenecho chinali pa ngozi.

Amafunsanso za mtima wake. Chaka chathunthu chochita zolimbitsa mwendo tsiku ndi tsiku, popanda okuombera m'manja, anzako akusewera, si munthu aliyense angachipirire. Pa ichi Smith anali ndi mbiri yabwino, ndipo mkulu wake, Rod Smith, anali kale wosewera wa timu ya Dallas Cowboys, choncho banja lake linali lodziwika kumeneko.

Kenaka mtengo. Palibe amene ankati Smith ngwachabe. Mkangano unali pa nambala. Kumtenga pa kuzungulira koyamba kukadakhala kutchova njuga ndi chuma chambiri, kudikira mpaka kwachinayi kapena kwachisanu kukadakhala kotchipa, koma wina akhoza kukutsogolera. Ndipo timu iyenera kudzifunsa ngati ingathe kukhala chaka chonse osamgwiritsa ntchito munthu amene yamlipira.

Msonkhano wa chaka chimenecho unachitikira ku Chicago. Tsiku loyamba mayina 31 anatchulidwa, la Smith panalibe. Tsiku lachiwiri, pa 29 Epulo, a Dallas Cowboys anamtchula pa nambala 34, anthu ambiri nadabwa. Koma a Dallas anali ndi chinthu chimene anzawo analibe. Dokotala amene anang'amba ndi kukonza bondo la Smith mu Januwale, Dan Cooper, anali dokotala wamkulu wa timu yawo yomweyo. Ena onse ankawerenga mapepala ndi kuona zithunzi, iye anauona mtsemphawo ndi maso ake, nakhulupirira kuti udzaphukanso. Ine ndiona kuti apa ndipo pali mutu wa nkhani. A Dallas sanali olimba mtima kuposa anzawo, anali odziwa zambiri kuposa anzawo.

Za ndalama, taonani kusiyana kwake. Ezekiel Elliott, amene anasewera mbali ya Ohio State tsiku lija la ngozi, anatengedwa ndi a Dallas omwewo pa nambala 4, nalandira pangano la zaka zinayi la madola pafupifupi mamiliyoni 25. Smith pa zaka zinayi zomwezo analandira pangano la madola ngati mamiliyoni 6 ndi theka.

MNZAKE WA BONDO LINA

Chaka chomwecho panali linebacker winanso wotchuka, Myles Jack wa ku koleji ya UCLA. Iyeyu anavulala mu Seputembala 2015 pokonzekera masewera. Chimene chinang'ambika ndi kanyama kolimba kokhala pakati pa mafupa a bondo, kamene kamagwira ntchito ngati nkhata pansi pa mtsuko. Pofika Epulo iye ankathamanga bwinobwino. Mantha a madokotala anali a mtsogolo, kuti mwina bondolo lidzaperepeseka msanga nkufunanso mpeni pakapita zaka zochepa.

Mwaona kusiyana? Wina sangasewere lero koma mwina adzasewera mawa, wina angasewere lero koma mwina mawa ai. Onse awiri anagwa kuchoka pamwamba, ndipo anatchulidwa moyandikana, Smith pa 34, Jack pa 36 ndi a Jacksonville Jaguars. Jack anasewera masewera onse 16 pa chaka kwa zaka zitatu zoyamba, ndipo mu 2019 anampatsa pangano latsopano la madola mamiliyoni 57. Amene anamuopa anaopa mopitirira.

Koma musati nthawi zonse zimatha chomwecho. Marcus Lattimore wa ku South Carolina, wothamanga ndi mpira wodziwika kwambiri, anaononga bondo mu 2012. A San Francisco anamtenga mu 2013 pa kuzungulira kwachinayi namdikira, koma iye anasiya mpira mu 2014 asanasewereko ngakhale kamodzi.

MMENE ZINATHERA

Chaka cha 2016 chonse Smith sanaponde pabwalo. Mu 2017 anabwerera atavala chogwiriziza phazi kuti lisagwe, nasewera masewera onse 16, koma ankaoneka wolemera potembenuka, ndipo adani ankamlunjika dala. Mu 2018 mtsempha unali utabwerera mokwanira kuti asiye chogwirizizacho, nasewera bwino kwambiri, nagwetsa anthu opitirira 120. Mu Ogasiti 2019 a Dallas anamuonjezera zaka zisanu pa madola mamiliyoni 64, ndipo pakutha pa nyengo imeneyo anasankhidwa kukasewera Pro Bowl, masewera a akatswiri okhaokha.

Ulemererowo sunakhalitse. Mu 2020 otsekereza a Dallas anachita moipa, ndipo zala zambiri zinaloza Smith, kuti akuchedwa kufika pamene pali mpira. Mu 2021 timu inasankha linebacker wachinyamata, Micah Parsons, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Smith anachotsedwa, ali ndi zaka 26 zokha. Anayendayenda ku Green Bay, ku New York ndi ku Las Vegas, koma sanabwererenso pa msinkhu wake wakale.

Kodi a Dallas anapindula? Pa kusankha kwa mu 2016, ine nditi inde. Munthu wa pa nambala 34 amene akupatsa zaka ziwiri zabwino ndi zina ziwiri zapakati wabweza mtengo wake, pakuti ambiri otengedwa pa malo amenewo ali ndi mawondo abwinobwino safika ngakhale pamenepo. Pamene anaphonya ndi pa pangano lachiwiri lija. Mu 2016 anayesa bondo mosamala nalipira pang'ono, mu 2019 anakondwa ndi chaka chimodzi chabwino nalipira zambiri.

Anyamata anzake nawonso anatengapo phunziro lawo. Masiku amenewo wosewera wa ku koleji sankalandira malipiro, ankangophunzira ulere, ndipo chilolezo cholandira ndalama chifukwa cha dzina lake chinabwera mu 2021. Tsono ena anayamba kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, nanga bwanji kuika bondo pa ngozi m'masewera otsiriza opanda malipiro, chuma chili pakhomo? Mu Disembala 2016 anyamata awiri otchuka, Leonard Fournette ndi Christian McCaffrey, anakana kusewera masewera otsekera chaka a makoleji awo. Anthu ena anawadzudzula kuti athawa anzawo, koma mu Epulo 2017 anatengedwa pa nambala 4 ndi pa nambala 8, ndipo kuyambira pamenepo ambiri atsata njira yomweyo. Smith mwini wake, nkhaniyi ili mkamwamkamwa, ananena poyera kuti atabwezedwa ku tsiku lija la 1 Januwale akadasewerabe.